Kodi ndimuuze mkonzi wanga kuti ndimabaya insulin?

WaRekoda_Area25 walemba:

Moni akuluakulu. Ndine mtolankhani wa pa wailesi ina kuno ku Lilongwe. Ndimatola nkhani za kukhoti ndi za ku Nyumba ya Malamulo, ndipo masiku ena ndimawerenga nkhani za usiku. Dzina la wailesiyo ndi langa ndisunga, mumvetsa chifukwa chake.

Anandipeza ndi shuga mu 2018. Zaka zoyambirira anali mapiritsi okhaokha, metformin ndi glibenclamide, ndipo ntchito sinkasokonekera. Tsiku lija la pa 3 February 2020, majaji asanu akusinthana kuwerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho kuyambira m'mawa mpaka kunja kuda, ine ndinali pomwepo ndi botolo la madzi ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Malipoti onse ndinatumiza, palibe anadziwa kanthu. Chaka chatha adokotala ataona zotsatira za HbA1c, muyeso woonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi miyezi ingapo yapitayo, anapukusa mutu n'kundiika pa insulin. Tsopano ndimadzibaya pamimba kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Kunyumba akudziwa, kuntchito ayi.

Insulin samva zoti "bwana achedwa pang'ono". Ukabaya, chakudya chiyenera kulowa pa nthawi yake. Lachinayi lapitali bungwe lina linatiitana 10 koloko ku City Centre. Ndinabaya m'mawa, ndinamwa tiyi ndi mbatata, n'kunyamuka. Titafika anatiuza kuti zikwama tisiye polowera, ndipo mabisiketi anga anatsala momwemo. Msonkhano unayamba itadutsa 1 koloko. Tonse tinangokhala phee pamipando, aliyense akuopa kuti akatuluka kukasaka chiwaya ndiye bwanayo alowa.

Zinayamba ndi thukuta lozizira kumsana. Kenako rekoda m'manja kunjenjemera, zilembo za mu notibuku kuoneka ziwiriziwiri. Atandipatsa mpata wofunsa, funso ndinali nalo ndithu m'mutu, koma lilime linalemera, mawu akutuluka mokokeka. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Akuluwa ayamba m'mamawa lero." Holo yonse kuseka. Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wa kamera wa nyumba ina. Anandigwira mkono, kunditulutsa panja, kundigulira Fanta. Akuti mayi ake amadwala shuga, ndiye anangoona thukutalo n'kuzindikira. Pasanathe theka la ola ndinali bwinobwino.

Koma nkhani inafika kunyuzirumu ine ndisanafike. Andichotsa pa nkhani za usiku, ndipo mkonzi wangoti, "Tikhale pansi Lolemba." Mowa ndinasiya chaka chomwe anandipeza ndi matendawa.

Mwina mukuti ndingonena basi. Mantha anga ndi awa. Ndalama imene imandisunga si ya pa 25 ayi, ndi ya maulendo a kumaboma. Insulin ndimalandira kuchipatala akakhalapo, koma timapepala toyezera shuga ndimagula ndekha ku famase, ndipo ndi alawansi imene imagula timeneto. Akadziwa kuti ndimabaya, kodi adzanditumizanso ku Nsanje kukagwa madzi osefukira? Ndinaonapo mnzathu wina atadwala nthawi yaitali: atachira anamuika pa desiki ya mauthenga a maliro ndi otayika, "kuti apume", ndipo sanabwererenso kumunda kukatola nkhani. Kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzichimodzi.

Ndiye ndithandizeni maganizo. Ndivomere dzina la uchidakwa n'kulandira kalata yochenjeza, kapena ndinene zoona ndisanduke "odwala aja"?

Kabaza_Express walemba:

Akulu, musanene. Mabwana amakumvera chisoni lero, mawa pochepetsa anthu dzina lako n'loyamba pamndandanda. Nenani kuti anali malungo, mutu unazungulira. Aliyense amadwala malungo. Kuyambira pano bisiketi muziika m'thumba la thalauza, nkhani yatha.

MkonziWopuma_Chirimba walemba:

Mphwanga, ine ndakhala pa mpando umene mkonzi wakoyo wakhalapo, kuyambira masiku amene nkhani tinkalemba pa taipilaita. Ndikuuze zimene zili m'mutu mwake Lolembalo.

Za malungo zimene akukulangiza pamwambapa zisiye. Mkonzi aliyense anamvapo za malungo a Lolemba m'mawa kambirimbiri, ndipo amadziwa kumene amachokera. Ukanena zimenezo wamutsimikizira zomwe anamva. M'ntchito yathu dzina la chidakwa silifufutika. Limakutsogolera ku nyumba ina iliyonse imene ukafunsireko ntchito, chifukwa akonzi tonse timadziwana ndipo timaimbirana foni. Koposa apo, tsiku limene udzalembe nkhani yowawa wina wamkulu, iye sadzayankha zimene walemba. Adzangoti, "Mukumvera uja anagwa ndi mowa pa msonkhano wa atolankhani?" Wa kukhoti ndi wa ku Nyumba ya Malamulo alibe chuma china koma kuti anthu azikhulupirira mawu ake.

Upite ndi kalata ya adokotala. Usanene pakamwa pokha pakhonde, ulembe kakalata kafupi, kope lipite kwa oyang'anira antchito, lako usunge kunyumba. Ndipo usalowemo ngati wopempha chifundo. Ine amene ankandivuta si odwala, koma amene ankandisiyira ntchito yolota kuti akufuna chiyani. Umuuze wekha: ndikufuna m'mawa umodzi wa ku kiliniki pa mwezi, ndidzakuuzani tsiku lake sabata isanakwane, ndikufuna mpata wodya nthawi ikakwana, china chilichonse ndigwira monga kale, ndipo maulendo musandichotse. Mawu omalizawo uwanene ndi pakamwa pako, asanayambe iye kukukonzera zoti "upume". Umukumbutsenso za 3 February ija. Unali ndi shuga tsiku limenelo, ndipo malipoti ako anaulutsa.

Lamulo ulidziwe ngakhale sukalitchula. Employment Act ya 2000 imati munthu akagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya kuchipatala. Imatinso kujomba kwa kanthawi chifukwa chodwala si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Akakuchotsa mosayenera uli ndi miyezi itatu yokadandaula kwa a leba a m'boma lako, ndipo zikakanika kumeneko pali Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito. Koma kuledzera pa ntchito ndi mlandu umene lamulo lomwelo silingakuikire kumbuyo. Ukavomera bodzalo wadzivula wekha chitetezo chonse.

Chinanso, ndipo ichi ndi cha mumtima. M'zaka za m'ma 1990 tinaika m'manda atolankhani ambiri. Munthu ankaonda tikumuona, jekete likumukulira, ife n'kumati "akudwaladwala", palibe wotchula kanthu. Tinkalemba za Edzi pa tsamba loyamba koma m'nyuzirumu momwemo tinkanong'ona. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 ena anali atazolowera kubisa moti ankakwera basi kukatenga mankhwala ku boma lina kuti asakumane ndi wowadziwa, ndipo mwezi umene ndalama ya basi yasowa ankadumphitsa. Ku South Africa kunali Lucky Mazibuko, amene mu 1999 anayamba kulemba m'nyuzipepala ya Sowetan za moyo wake ali ndi HIV, dzina ndi nkhope poyera. Ife kuno tinkangowerenga n'kumati mnyamatayu ndi wolimba mtima. Sindikuti iwe ukalengeze pa wailesi. Ndikuti kubisa kuli ndi mtengo wake, ndipo ndinaona anthu akuulipira.

Za mabungwe oitana anthu 10 koloko n'kuyamba 1 koloko ndisayambe, ndingadzaze tsamba.

Namwino_wa_NCD walemba:

Achimwene, za abwana anu akuuzani kale akuluwa. Ine ndilankhule za thupi, chifukwa zimene zinakuchitikiranizo si zoseketsa. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 ngati kamakina kanu kamawerenga mg/dL, ubongo umayamba kusowa chakudya. N'chifukwa chake munthu amaoneka ngati waledzera: kulankhula mokokeka, kudzandira, ena kupsa mtima popanda chifukwa. Mukanakhala nokha m'chimbudzi, kapena pa njinga yamoto mumsewu, tikanamva zina.

Bisiketi si mankhwala a shuga wotsika, imachedwa kulowa m'magazi. Pakufunika chotsekemera chofulumira: masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga uja, kapena maswiti angapo. Mudikire mphindi 15, muyezenso, ngati akadali pansi mubwereze. Akakwera ndiye mudye cholimba, buledi, nthochi, nsima. Maswitiwo azikhala m'thumba la malaya, osati m'chikwama chimene mlonda angakulandeni pakhomo.

Kaya mkonzi mumuuza kaya ayi, payenera kukhala munthu mmodzi amene mumayenda naye kumunda wodziwa, dalaivala kapena mnzanu wa pa desiki. Mumuuze zizindikiro, mumuuzenso ichi: mukakomoka asakuthireni chakumwa m'kamwa, mungatsamwe. Akugonekeni cham'mbali n'kuthamangira nanu kuchipatala, akafika anene msanga kuti mumabaya insulin. Kakhadi kolembedwa zimenezi kazikhala kuseri kwa chitupa chanu cha utolankhani.

Mukapita ku kiliniki musangoti "ndili bwino" n'kulandira mabotolo. Muwafotokozere adokotala mmene tsiku lanu limayendera, kuti nkhomaliro ilibe nthawi yake. Ambiri amene amabaya kawiri pa tsiku amakhala pa insulin wosakaniza, amene amapitiriza kugwira ntchito masana kaya mwadya kaya simunadye. Mlingo ukhoza kusinthidwa, koma asinthe ndi iwo, musamachepetse nokha kapena kudumphitsa jakisoni chifukwa mawa kuli msonkhano. Ndaona ambiri akuchita zimenezo poopa manyazi, shuga n'kumakhala pamwamba miyezi, kenako maso, impso, mapazi. Makina otsuka impso m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ali m'mizinda ikuluikulu yokha.

Za maulendo a kumaboma, palibe chokuletsani. Botolo limene mwayamba kugwiritsa ntchito silifuna firiji, limatha pafupifupi mwezi bola lisakhale padzuwa. A bungwe la madokotala la MSF ndi University of Geneva anafufuza zimenezi potengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti insulin amakhalabe wamphamvu masabata anayi kutentha kukusinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Chimene chimamupha ndi kumusiya m'galimoto yotseka mawindo ku Chikwawa mwezi wa October. Odwala athu akumudzi amaika botolo m'kachitini kotseka, kachitiniko mumtsuko wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Ndipo mukakalowa m'madzi osefukira ndi majombo, madzulo muziyang'ana mapazi onse, pakati pa zala pomwe. Kachilonda kakang'ono ka munthu wa shuga sikachedwa kukula.

Chemwali_ku_Leeds walemba:

Kuno ku UK zinachitikapo zofanana ndithu. Rory Cellan-Jones, amene ankatola nkhani za umisiri wamakono ku BBC, mu 2019 anali pa kanema akufotokoza za 5G, anthu oonera n'kuona dzanja lake likunjenjemera. M'malo mosiya anthu kuti aziganizira okha, analemba pa Twitter kuti anamupeza ndi Parkinson's, matenda a mu ubongo onjenjemeretsa thupi. Anapitiriza ntchito mpaka 2021. George Alagiah, uja anakhalapo mtolankhani wa BBC ku Johannesburg, anamupeza ndi khansa ya m'matumbo mu 2014. Ankapita kukalandira chithandizo, n'kubwerera kudzawerenga nkhani za 6 koloko madzulo, n'kupitanso, mpaka anamwalira mu July 2023. Anthu ambiri anakayezetsa chifukwa chomumva iye. Nenani achimwene, mwina muthandiza ena.

Stringa_wa_ku_Dedza walemba:

Achemwali a ku Leeds, ndi ulemu wonse, amenewo ndi a BBC. Akadwala mpando umawadikira, chipatala chilipo, penshoni ilipo. Kuno ambirife timalipidwa pa nkhani imene yatuluka. Ine ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana. Miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa kuno kukagwirizana ndi fumbi ndi utsi wa anthu otentha tchire, ndimatha sabata chifuwa chikulira, osakwera kabaza kupita kulikonse. Sabata imeneyo ndalama palibe. Malamulo a tchuthi chodwala amene atchula abambo a ku Chirimba ndi abwino, koma ine ndilibe ngakhale kalata yondilemba ntchito yoti ndikaonetse a leba.

Komabe pa funso la akuluwa ndili mbali ya onena. Ine ndinamuuza wa pa desiki ya zigawo. Chimene chinasintha n'chakuti foni yanga ikakhala chete masiku atatu saganizanso kuti ndikugulitsa nkhani kwina. Ndipo ndinaphunzira kusunga nkhani zosawola msanga, za ulimi wa mbatata ya kachewere, za oumba mbiya, zimene ndimatola ndili bwino n'kumazitumiza ndili chigonere. Inu a kukhoti mungachite chimodzimodzi ndi tsiku lanu la ku kiliniki: kalondolondo wa milandu imene yakhalitsa osaweruzidwa, kujambuliratu, kuti tsikulo pulogalamu isakhale ndi dzenje.

Koma chimene chimandipweteka ine n'chakuti timalemba za ogwira ntchito m'maesiteti a fodya ndi tiyi kuti alibe chithandizo cha kuchipatala, pamene wolembayo akadwala timayendetsa mndandanda wa zopereka pa gulu la WhatsApp. Chaka chilichonse pokumbukira tsiku la ufulu wa atolankhani la pa 3 May timavala bwino kukalandira mphoto za bungwe la MISA Malawi. Nkhani ya sikimu ya chipatala ya atolankhani, makamaka ife a m'maboma, ndi imene JUMA, bungwe lomenyera ufulu wa atolankhani pantchito, ndi eni nyumba zoulutsira mawu akanaigwira mwamphamvu. Munthu wogula inhela ndi chipondamthengo angalembe bwanji nkhani yoluma amene wamupatsa envelopuyo?

Kabaza_Express walemba:

Nonse mukulankhula bwino, koma kontirakiti ya chaka chimodzi sachita kukuchotsa. Amangoisiya ithe. Palibe khoti limene mungapite nalo.

MkonziWopuma_Chirimba walemba:

Zimenezo n'zoona, ndipo sindinamulonjeze kuti zikhala zophweka. Koma taganiza, mwa awiriwa ndani amene kontirakiti yake ingasiyidwe kuti ithe msanga: wa shuga wobwera ndi kalata ya adokotala, kapena amene anachititsa manyazi wailesi pamaso pa atolankhani a tauni yonse?

WaRekoda_Area25 walemba:

Zikomo nonse, ndabwera kudzanena mmene zayendera.

Loweruka ndinapita kwa adokotala anga, anandilembera kalata, ndipo tapangana kuti ndiziyeza masana kwa masabata awiri kuti aone ngati mlingo wa m'mawa uchepe. Amayi anamwino, timapepala titha msanga mwezi uno, koma ndamva.

Lolemba ndinalowa ndi kalatayo pamodzi ndi kabuku kanga ka kuchipatala, kaja kakutha m'makona. Mkonzi anali atakonza kale kalata yake yondichenjeza, ndinaiona pa tebulo pansi pa foni. Ndinamupempha kuti ayambe wawerenga yanga. Anawerenga, anatsegula kabuku, anaona madeti kuyambira 2018, n'kukhala chete kanthawi. Funso lake loyamba linali lakuti, "Ndiye mumabayira kuti muno?" Ndinamuuza kuti masiku a nkhani za usiku ndimabayira m'chimbudzi cha kumbuyo, chija chopanda loko, phazi limodzi litatsekereza chitseko. Anati ndizigwiritsa ntchito situdiyo yaing'ono ikakhala yopanda munthu.

Sikuti zonse zayera. Pa nkhani za usiku andibwezera kuyambira sabata ya mawa. Koma nditatchula za maulendo, monga munandilangizira bambo a ku Chirimba, anati, "Tiona, tisakuikeni pa chiopsezo." Mawu amenewo sindinawakonde. Ndamuuza kuti adokotala akhoza kulemba kalata ina yonena kuti ndingayende, wati ndibweretse. Ulendo wa ku Karonga ukubwera mwezi wa mawa ndi umene undionetse pamene ndaima.

Dalaivala wathu ndamuuza, ndipo wandidabwitsa: naye ali pa mankhwala a BP, amamwera m'galimoto. Otsala ndi anzanga a nyumba zina amene anaseka tsiku lija. Sindikudziwa ngati ndilembe pa gulu lathu la WhatsApp la atolankhani a kukhoti kapena ndingouza awiri atatu olongolola, nkhaniyo iyende yokha. Amene munadutsamo mu zoterezi, munatani?

Stringa_wa_ku_Dedza walemba:

Lembani pa gulupo, mizere iwiri yokha, ndipo muwonjezere zija anena anamwino za Fanta ndi kusamuthira madzi munthu wokomoka. Mukauza olongolola, ikafika kwa wachisanu idzakhala kuti impso zafa ndipo mukupita ku India.